Kodi Josina Machel anali ndani?

Bairro la Josina Machel mumzinda wa Tete lili ndi dzina la mayi amene sanauone ufulu wa Mozambique. Josina Muthemba anabadwira ku Vilankulo, m'chigawo cha Inhambane, pa 10 Ogasiti 1945. Analowa Frelimo ku Tanzania, m'gulu la asilikali aakazi lotchedwa Destacamento Feminino, ndipo ankayang'anira ntchito yosamalira ana amasiye a pankhondo. Anakwatiwa ndi Samora Machel mu 1969.

Anamwalira atadwala ku Dar es Salaam pa 7 Epulo 1971, ali ndi zaka 25 zokha. N'chifukwa chake 7 Epulo ndi tsiku la amayi m'dziko muno. Ena amati anali mkazi wa pulezidenti, koma ayi: Samora anatenga mpandowo mu 1975, Josina atatisiya kale zaka zinayi.