Kabotolo ka alendo: mbiri ya chakumwa cha kunyumba

Mwezi wathawu tinali pa kitchen party kuno ku Ng'ombe. Potuluka, mlendo aliyense anapatsidwa kabotolo kakang'ono ka sirapu, manyuchi aja ophikidwa ndi shuga ndi bwemba, amene ambiri mu Lusaka timati kawawasha. Atsikana ena anaseka, nati mwini phwando wasowa ndalama ya zakumwa za ku shopu. Ife amene timakonda kukamba nkhani zakale pa wailesi tinaona zosiyana. Kabotolo kaja kali ndi mbiri yaitali kuposa mmene anzathuwo akuganizira.

Makolo athu asanabwere m'tauni, mlendo sankachoka pakhomo ali ndi ludzu. Kum'mawa ankamupatsa thobwa, lotsekemera chifukwa cha chimera. Ku Copperbelt ndi kumadera ena kunali munkoyo: phala la ufa wa chimanga limene amaikamo mizu yosinjidwa ya mtengo wa munkoyo, n'kulisiya kuti lisungunuke ndi kuwawasa pang'ono. Kutsekemera kwa zakumwazi kunali kochokera mu mbewu ndi mu mizu. Anthu atadzaza makomboni monga Matero, Chawama ndi Ng'ombe, anabwera ndi mwambowu, ndipo chigubu cha munkoyo chinkapezeka pa ukwati, pa chilanga mulilo ndi pa maliro pomwe.

Chimene chinasintha zinthu ndi shuga. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, minda ya nzimbe ya Nakambala ku Mazabuka, yothiriridwa ndi madzi a mtsinje wa Kafue, inayamba kutulutsa shuga wa mdziko muno. Shuga atafika pa kantemba, mai aliyense akanatha kuwiritsa zipatso ndi shuga n'kupeza chakumwa chokhuthala chimene chimakhala masiku ambiri osaonongeka. Chitsanzo anali nacho kale: Mazoe, amene dzina lake linachokera ku chigwa cha malalanje cha Mazowe ku Zimbabwe. Botolo limodzi, ukathira madzi, linkakwanira nyumba yonse ndi alendo omwe.

Kenako kunabwera zaka zovuta. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndalama zakunja zinayamba kusowa, ndipo m'zaka za m'ma 1980 amai athu ankaima pa mizere yaitali kudikira shuga, saladi ndi sopo. Pa 1 May 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti Zambia yasiyana ndi ndondomeko za IMF. M'nyengo imeneyo Coca-Cola ndi Fanta zinasowa, ndipo m'malo mwake munalowa zakumwa za konkuno monga Tip Top ndi Quench. Funsani akuluakulu a kwanu, adzakuuzani. Amene analibe ndalama ya kireti ankaviika malambe, aja timati mabuyu, kapena bwemba, n'kuthiramo kashuga kamene anapeza pa mzere. Mlendo ankamwa, ndipo ulemu wa pakhomo unkasungika.

Boma litasintha mu 1991, malonda anatseguka. Shoprite inatsegula sitolo yake yoyamba pa Cairo Road mu 1995, ndipo mashelefu anadzaza ndi zakumwa zamitundumitundu. Ife amene tinakula nthawi imeneyo tinaphunzira kuyeza phwando ndi makireti. Chakumwa chopangidwa kunyumba tinayamba kuchiona ngati chizindikiro cha umphawi, ndipo ambiri a ife sitinafunse n'komwe amai mmene ankachipangira.

Kolera inawonjezera mantha. Mliri umene unayamba mu Lusaka mu October 2017 unachititsa kuti mu January 2018 asilikali achotse ogulitsa m'misewu, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Mu 2024 odwala anagonekedwa ku Heroes Stadium. Anthu anayamba kuopa chilichonse chothiridwa m'botolo logwiritsidwapo kale ntchito, ndipo sitingawanene, chifukwa madzi a m'zitsime zosazama m'makomboni athu amasakanikirana ndi zonyansa za m'zimbudzi nthawi ya mvula.

Apa ndi pamene sirapu ili ndi mwayi. Imawiritsidwa pa moto, ndipo shuga wambiri amalepheretsa tizilombo kuswana. Mai amene anapanga ya pa phwando lija anatiuza njira yake. Amaviika bwemba m'madzi otentha, n'kusefa ndi nsalu yoyera. Pa kapu imodzi ya madziwo amathira makapu awiri a shuga, n'kuwiritsa mpaka shuga yense atasungunuka. Mabotolo agalasi ndi zotsekera zake amaziwiritsa padera, n'kuthiramo sirapu ikadali yotentha. Ena amachita chimodzimodzi ndi mandimu, jinja kapena malambe. Mlendo akafika kwawo amathira pang'ono m'kapu n'kudzazitsa ndi madzi. Chenjezo ndi limodzi: madziwo akhale owiritsa kapena othira klorini, apo ayi ntchito yonse ya mai uja yapita pachabe.

Sitikunena kuti tisiye kugula zakumwa za ku shopu. Nkhawa yathu ndi yakuti amai amene anaphunzira luso limeneli m'zaka za mizere akukalamba, ndipo palibe buku limene analembamo miyeso yawo. Akapita, tidzatsala ndi kireti yokha, ndipo tsiku limene mitengo idzakwerenso tidzasowa chopatsa mlendo.

Choncho anzathu, mukadzalandira kabotolo kotere pa phwando, musakaseke. Kalaweni kaye, kenako mupite kwa amai kapena ambuya mukawafunse chimene iwo ankapatsa alendo mu 1987, ndipo mutenge pepala mulembe miyeso yake.