Mlandu wa Dzina la Booking.com

Kale mwini hotela ankangolemba dzina la malo ake pachikwangwani, nkhani n'kuthera pomwepo. Intaneti itafika, dzina linasanduka adiresi, ndipo adiresi imodzi singakhale ya eni awiri. Apa mpamene mikangano inabadwira.

M'chaka cha 2009, bwalo la apilo ku America linakana kuti dzina lakuti Hotels.com lilembedwe m'kaundula monga chizindikiro cha malonda cha kampani imodzi. Oweruza anati mawuwo ndi wamba, oyenera aliyense wochita malonda otere.

Kampani ya Booking.com ya ku Amsterdam, yothandiza apaulendo kupeza malo ogona, inakanizidwanso ku America komweko, koma sinagwe mphwayi. Mlandu unakafika kubwalo lalikulu koposa la dzikolo. Pa 30 Juni 2020, oweruza 8 mwa 9 anagamula mokomera kampaniyo.

Ruth Bader Ginsburg, amene analemba chigamulocho, anafotokoza kuti chofunika ndi mmene ogula amamvera dzinalo. Ngati akalimva amaganiza za kampani imodzi yokha, lingatetezedwe. Stephen Breyer yekha ndiye anatsutsa, poopa kuti amalonda ena adzachita mantha kugwiritsa ntchito mawu amene kale anali a onse.