Claudication: kutsimphina koyambira m'mitsempha

Madokotala a mitsempha ya magazi ali ndi mawu akuti claudication, ochokera ku Chilatini, claudicare, kutanthauza kutsimphina. Komatu si kutsimphina kwa munthu amene wabinya phazi ayi. Uku kumamupeza munthu ali pa ulendo: katumba wa mwendo amayamba kuwawa ndi kukokana mpaka munthuyo kuima. Pakapita mphindi zochepa ululu uja umazilala, koma akayendanso mtunda womwewo umabwerera. Ajeremani amati Schaufensterkrankheit, matenda a pawindo la sitolo, poti odwala amaima ngati akusirira katundu pomwe akudikira kuti mwendo upole.

Gwero lake ndi mafuta oundana m'mitsempha yopititsa magazi kumiyendo, makamaka mwa osuta fodya ndi odwala shuga. Minofu ikamagwira ntchito imafuna mpweya wambiri, koma magazi amafika operewera.

Dokotala wa ziweto wa ku France, Bouley, adaona vutoli pa hatchi mu 1831, ndipo Jean-Martin Charcot adalifotokoza mwa munthu mu 1858.

Masiku ano dokotala amayeza kuthamanga kwa magazi pa kakolo ndi pa mkono, n'kugawa nambala ya pa kakolo ndi ya pa mkono. Yankho likakhala 0.9 kapena kutsika apo, ndiye kuti mitsempha yaphinjika. Makina ojambula m'thupi a CT ndi MRI amapitirira pamenepo: amaonetsa katumba wofota, mafuta atalowerera pakati pa minofu. Pa kafukufuku, wodwala amaponda chopondera atagona m'makina a MRI, akatswiri n'kumaona mmene magazi akufikira m'katumbamo akangoleka kuponda.