Phil Spencer, mlenje wa nyumba wa ku Britain

Ku Britain, munthu akafuna kugulitsa nyumba amapita kwa ejenti. Ejentiyo amalipidwa ndi mwini nyumba, choncho mtima wake wonse umakhala pa kukoka mtengo kuti ukwere. Nanga wogula amuimira ndani? Mpata umenewu ndi umene Phil Spencer anauona akadali mnyamata, ndipo wadyerapo kwa zaka pafupifupi 30.

Spencer anabadwa mu Disembala 1969 m'banja la alimi ku Littlebourne, mudzi wa kufupi ndi Canterbury m'dera la Kent. Sukulu ya zoyeza malo ndi kuwerengera mitengo ya nyumba anakaichita ku London. Mu 1996 anatsegula kampani yake, Garrington Home Finders. Iyeyo sankagulitsa nyumba ayi, ankasakira nyumba anthu ofuna kugula: kuyendayenda m'misewu, kuyang'ana denga ndi makoma, kenako kukanenerera mtengo. Malipiro ake ankachokera m'thumba la wogula, ndipo makasitomala ambiri anali anthu a ndalama zawo koma osowa nthawi.

Anayamba pa nthawi yabwino zedi. Kuyambira 1980, boma la Margaret Thatcher linalola anthu okhala m'nyumba za makhonsolo kuzigula motchipa, ndipo kukhala ndi nyumba yakoyako kunasanduka chizindikiro cha munthu wodziimira payekha. Chaka chomwe Garrington inabadwa, mabanki anayambanso kupereka ngongole zapadera kwa ofuna kugula nyumba zochititsa lendi. Pakati pa 1996 ndi 2007, mitengo ya nyumba inakwera kuposa katatu.

Wailesi za kanema zinanunkhiza msanga. Mu 2000, Channel 4 inayamba pulogalamu ya Location, Location, Location, ndipo inaphatikiza Spencer ndi Kirstie Allsopp, amenenso ankagwira ntchito yosakira anthu nyumba. Kakonzedwe kake n'kosavuta. Banja limatchula ndalama zomwe lili nazo ndi maloto ake, awiriwa n'kulionetsa nyumba zingapo. Mwamuna afuna galaja, mkazi afuna dimba, ndalama n'zoperewera. Pamapeto Spencer amatenga foni n'kuimbira ejenti, banja lija lili chete ngati likudikira chigamulo cha khoti. Allsopp ndi wosabisa mawu, Spencer ndi wofatsa, womvetsera kaye asanayankhe. Amakangana mokoma moti oonera ambiri ankaganiza kuti ndi mwamuna ndi mkazi wake, pomwe aliyense ali ndi banja lake.

Mapulogalamu ena anatsatira ngati bowa wa m'dzinja: Property Ladder ya Sarah Beeny mu 2001, Homes Under the Hammer pa BBC mu 2003. Nyumba inasiya kukhala pogona chabe, inasanduka munda wokololamo ndalama. Ena amati mapulogalamuwa anakolezera moto wa mitengo. Mlanduwo ndi wokulirapo kuposa olakwawo, poti ngongole ankapereka ndi mabanki, komabe kanema anathandiza kuti anthu azolowere kuona mitengo yoopsa ngati yabwinobwino.

Kenako zinthu zinatembenuka. Mu Seputembala 2007 anthu anaima m'mizere kuchotsa ndalama zawo ku banki ya Northern Rock, ndipo chaka chotsatira banki ya Lehman Brothers inagwa ku America. Ngongole zinauma, ogula anabisala. Kumayambiriro kwa 2009 Garrington inalephera kulipira ngongole zake n'kuperekedwa m'manja mwa oyang'anira makampani akugwa. Katswiri wolangiza dziko lonse za nyumba anagwetsedwa ndi msika womwewo.

Chodabwitsa n'chakuti oonera sanamutaye. Mwina n'chifukwa choti pamsika wovuta wogula amafuna womugwira dzanja kuposa kale. Panabwera Phil Spencer: Secret Agent, momwe ankathandiza anthu amene nyumba zawo zakanika kugulika, kenako Love It or List It mu 2015, pomwe iye amanyengerera banja kuti ligulitse lisamuke, Allsopp akuti ayi, konzani yomweyi. Mu 2018 anayambitsa Move iQ, tsamba la pa intaneti lolangiza ogula ndi ochita lendi.

Mu Ogasiti 2023 makolo ake onse awiri anamwalira tsiku limodzi, galimoto yawo itagwera mumtsinje pafamu yawo ku Littlebourne. Atalira maliro, Spencer anabwerera kuntchito, ndipo mu 2025 iye ndi Allsopp anakwanitsa zaka 25 akugogoda limodzi pa zitseko za eni.