Dzaleka: Pomwe Panali Ndende Lero Pamalira Ng'oma

Sabata ino mpata wagwera ine, mayi wa benchi la matimati ndi anyezi ku Lilongwe kuno, ndiye mundikhululukire ngati nkhaniyi ikununkha kumsika. Ndikufuna tipite limodzi ku Dowa, pamalo amene ambiri a inu mumangowamva pa wayilesi.

Kodi munayamba mwafunsapo komwe dzina loti Dzaleka linachokera? Akuluakulu amati linachokera ku mawu oti "ndidzaleka". Nthawi ya ulamuliro wa Kamuzu Banda, pamalopa panali ndende ya anthu omangidwa pa zandale, ndipo munthu akatulukako amakhala atalumbira kuti zomwe anam'mangirazo sadzayambiranso. A Mboni za Yehova, omwe chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, anatsekeredwako ambiri m'zaka za m'ma 1970. Kuzizira kwake kwa ku Dowa mumakudziwa. Tangoganizani munthu wopanda bulangete mwezi wa June.

Kulandira othawa nkhondo sitinayambire ku Dzaleka ayi. Nkhondo ya Renamo ndi Frelimo itakula, anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni anathawira kuno. Ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza ambiri analowa m'midzi mwenimweni, chifukwa chilankhulo ndi mafuko zinali zimodzi. Atasainirana za mtendere ku Rome mu 1992, iwo anayamba kubwerera kwawo. Koma pomwe awa amachoka, moto unali utabuka kwina. Ku Burundi nkhondo inayamba mu 1993 ataphedwa pulezidenti Melchior Ndadaye, ku Rwanda anthu anaphedwa mochuluka mu 1994, ndipo ku Congo nkhondo zinabuka mu 1996 ndi 1998. Mu 1994, chaka chomwe ife tinavota pa chisankho cha matipate, ndende ija inasanduka kampu ya othawa kwawo.

Kampuyi anaikonzera anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli oposa 50,000. Ambiri ndi a ku Congo, kenako Burundi ndi Rwanda, ndi ena ochepa a ku Somalia ndi Ethiopia. Mukayenda m'tinjira take mumva Chiswahili, Chifalansa, Kirundi, Kinyarwanda, Lingala ndi Chichewa chathu chomwe, poti ana obadwira momwemo amachilankhula ngati a kwa Msakambewa. Chovuta n'chakuti dziko lathu litavomera pangano la United Nations la 1951 la othawa kwawo, linakana mfundo zina, monga ufulu wokhala pomwe munthu wafuna ndi wogwira ntchito. Ndiye munthu akhoza kubadwira mu kampu, kukwatira momwemo, n'kubereka momwemo, osaloledwa kukakhala kunja.

Mu 2008 kunafika mnyamata wa ku Lubumbashi, mlakatuli ngati ambiri a inu muno, dzina lake Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika kuti Menes la Plume. Iye anaona kuti mu kampumo muli oimba, ovina, ojambula ndi olemba, koma a Malawi sawadziwa, amangodziwa kuti "maburundi". Poti iwo sangatuluke mwachisawawa, anaganiza zoti ifeyo tilowe. Umo ndi momwe chinayambira chikondwerero cha Tumaini mu 2014. Tumaini m'Chiswahili ndi chiyembekezo.

Chomwe chimandigwira mtima ndi momwe amachiyendetsera. Pakhomo salipiritsa olo tambala. Okhoma nsanja, osesa bwalo, olondolera alendo ndi oyang'anira bata ambiri ndi achinyamata odzipereka, a mu kampu momwemo pamodzi ndi a Malawi. Pa nsanja imodzi mumaona oimba ng'oma a ku Burundi otchedwa Amahoro, kutanthauza mtendere, atasenza zing'oma zazikulu pamutu uku akuziimba, kenako rumba ya ku Congo, kenako oimba athu a konkuno. Mlendo wofuna kugona amalipira kwa banja la mu kampu, n'kugona m'nyumba mwawo, kudya zomwe iwo akudya. Ife a geni timadziwa tanthauzo la anthu zikwizikwi kufika pamalo amodzi: wa chapati, wa nsalu, wa kabaza, onse masiku amenewo mpamba umabwerera. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, akuluakulu sananame.

Tsopano ndiulule changa. Pafupi ndi benchi langa panali okala ya mayi wina wa ku Burundi, tinkangoti amake mapasa. Ndikapita kokapikula matimati m'mbandakucha, ndi iwo ankandiyang'anira katundu. Mwana wanga atagonekedwa m'chipatala, anandikongoza sopo ndi shuga osalemba paliponse. Koma azimayi anzanga akamadandaula kuti anthuwa akutilanda makasitomala poti amagulitsa motchipa, inenso ndinkavomera nawo, "eee, azipita kwawo." Mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'matauni abwerere ku Dzaleka, ndipo mwezi wa May apolisi ndi asilikali anayamba kuwatola mu Lilongwe. Ena anayamba asungidwa ku ndende ya Maula. M'mawa wina ndinapeza okala ija ili yotseka. Ngongole yanga inali isanathe.

Makasitomala anga sanachuluke ayi, abale. Paja ine ndimagulitsa matimati, iwo amagulitsa sopo. Chinasintha n'chakuti ndinasowa wondisungira benchi.

Nthawi ya Tumaini itakwana ndinakwera minibasi ya ku Dowa ndalama zija zili m'kansalu. Wondithandiza kuwapeza anali kamtsikana kodzipereka pa chikondwereropo, kanandizungulitsa m'tinjira pafupifupi ola lathunthu osapempha kanthu. Atandiona, amake mapasa anangoti, "Karibu, dada." Anzathu a kumpoto musadabwe, kwa iwo dada ndi mchemwali. Anandikhazika pa mkeka m'kachipinda komwe amagona anthu asanu ndi awiri, n'kundipatsa tiyi ndi chapati. Ndalama zija analandira, koma za mawu anga aja sindinawauze. Mpaka pano sindinawauze.

Sindikunena kuti ng'oma za masiku awiri kapena atatu zathetsa mavuto a ku Dzaleka. Chikondwerero chikatha, thithithi uja amakhalapobe, chakudya chimaperewerabe, lamulo lija silinasinthe. Sindikunenanso kuti madandaulo a ife ageni ndi abodza, kupikisana pa msika kumawawa ndithu. Koma tisaiwale kuti mu 2015 boma lathu linatumiza mabasi kukatenga abale athu ku Joni, anthu a kumeneko atawaukira powanena mawu omwe aja ndinkanena ine. M'gulu muno ndani alibe m'bale kumeneko?

Chikondwererochi chimachitika chakumapeto kwa chaka, mvula isanakhazikike. Kuchokera ku Lilongwe ndi ulendo wa ola limodzi basi. Olakatula muli muno, katengeni ndakatulo zanu mukamve za anzanu. Ngati simungadikire, pitani Lachiwiri lililonse, ndi tsiku la msika waukulu kumeneko. Mukagule ngakhale chapati imodzi, ndipo mukamufunse wogulitsayo dzina lake ndi kwawo.

Ndemanga zanu ndiziona madzulo ndikaweruka.