Mlendo ndi Mame: Mbiri ya Msewu wa ku Kaseye

Kalata yondisamutsira ku Chitipa ndinailandira mu Disembala 2005, ndili ndi zaka 25. Anzanga a mu ofesi ku Dedza anandipepesa ngati ndaferedwa. Masiku amenewo wogwira ntchito m'boma akatumizidwa ku Chitipa, anthu ankanong'onezana kuti walakwira bwana wina wake. Msewu wochokera ku Karonga unali wadothi, ndipo nthawi ya dzinja ulendo wa makilomita 101 unkatha tsiku lathunthu, mwinanso kugona panjira. Ndikufuna ndikambe mbiri ya msewu umenewu, kaamba koti ndi kumeneko komwe ndinazindikira kuti mabuku a mbiri amasunga maina ochepa kwambiri mwa anthu amene anathandiza apaulendo kufika komwe ankapita.

Njira yokwera mapiri kuchokera ku Karonga ndi yakale kuposa boma la atsamunda lomwe linakhazikitsidwa mu 1891. M'chaka cha 1881 James Stevenson, mkulu wa zamalonda wa ku Glasgow, anapereka ndalama zolambulira msewu wolumikiza nyanja yathu ndi nyanja ya Tanganyika. Katswiri amene anayamba ntchitoyo, James Stewart, anamwalira mu 1883, ndipo William McEwan amene analowa m'malo mwake anatsikira kulichete mu 1885. Amishoni a Livingstonia anamanga malo awo kwa Mwiniwanda m'mbali mwa njirayi. Zidutswa za sitima yotchedwa Good News zinadutsa pomwepa pa mitu ya amtengatenga, kupita kukalumikizidwa ku nyanja ya Tanganyika. Dzina la sitimayo likudziwika mpaka lero, koma amene anaisenza, ndi amayi amene ankawatungira madzi m'midzi, palibe anawalemba.

Dera lomweli linaonanso nkhanza za malonda a akapolo kufikira pamene Mlozi anagonjetsedwa ndi kunyongedwa ku Karonga mu Disembala 1895. Zaka zinayi izi zisanachitike, mu 1891, ansembe a chipani cha White Fathers amene analephera kukhazikika kwa Mponda ku Mangochi anakwera njira yomweyi napita kukamanga ku Mambwe, dziko lomwe lero ndi Zambia. Anabwereranso kuno mu 1902 natsegula Mua, komwe ine ndinabatizidwa. Patapita zaka makumi angapo anafalikira chigawo cha kumpoto, ndipo mishoni ya Kaseye, kufupi ndi malire a Tanzania, ndi chimodzi mwa zipatso za ntchito yawo. Pamalopo panadzakhala tchalitchi, chipatala ndi sukulu ya sekondale ya atsikana. Kaseye inali pansi pa dayosizi ya Mzuzu, yomwe episkopi wake woyamba mu 1961 anali Ambuye Jean-Louis Jobidon, kufikira mu 2010 pamene dayosizi ya Karonga inabadwa motsogozedwa ndi Ambuye Martin Mtumbuka.

Imeneyo ndiyo mbiri ya m'mabuku. Ina ndinaipeza ndekha mu Febuluwale 2006, nthawi ya njala yomwe inadza chifukwa cha chilala cha 2005. Ndinatumidwa kumidzi ya kufupi ndi Kaseye pa ntchito ya ofesi. Ndinakwera matola pa boma la Chitipa, lomwe kale linkatchedwa Fort Hill, mutu ukundiwawa kale. Dzuwa likulowa lole yathu inatitimira m'matope, ndipo anyamata anakankha mpaka kutopa. Anzanga apaulendo, poti kunali kwawo, anamwazikana. Ine ndinatsala pansi pa mtengo, thupi likunjenjemera ndi malungo, chikwama cha mapepala a boma ndili nacho pamiyendo.

Agogo ena amene ankachokera kudimba anaima nandiyang'ana. Anayankhula Chilambya, ine osamva kanthu. Anapita, ndipo posakhalitsa anabwerera ndi mdzukulu wawo wamkazi wa sitandade 7 kuti azimasulira.

"Agogo akuti tiyeni kunyumba, pano mvula ikupezani," anatero mtsikanayo.

"Uwauze kuti zikomo, koma sindikufuna kuwavutitsa," ndinayankha.

"Akuti inu ndi mwana wawo. Akufunsa ngati amayi anu angakondwe kumva kuti munagona patchire pafupi ndi nyumba ya munthu."

Usiku umenewo ndinagona pa mphasa yawo, iwo nakagona kukhitchini. Anandiphikira phala la mawere, ndipo nditasuzumira m'dengu ndinaona kuti ufa umene unatsala sukanakwana masiku awiri. Asanagone anagwada ndi mdzukulu wawo napemphera, ndipo m'mawu onse amene ananena ndinatolapo dzina la Yesu ndi la Maria basi. Tambala woyamba atalira, mwana wawo wamwamuna anandikweza pa njinga mpaka ku chipatala cha mishoni. Pokwera zitunda ankatsika n'kumakankha, ine ndili chikhalire. Potsazikana ndinatulutsa K200 kuti ndiwapatse agogo aja, koma anabweza dzanja langa. Mdzukulu anamasulira kuti ndalamayo ndidzagulire chakudya mlendo wina.

Pambuyo pake ndinamva kuti agogowo anali a m'gulu la akhristu a m'mudzimo, lomwe kwathu ku Dedza timati mphakati ndipo kummwera amati limana. Magulu amenewa ali ndi mbiri yawo. Mu 1973 maepiskopi a m'maiko a kuno kummawa kwa Africa, pa msonkhano wa bungwe lawo la AMECEA, anagwirizana zolimbikitsa timagulu ta akhristu oyandikana nyumba, ndipo Ambuye Patrick Kalilombe a ku Lilongwe anali mmodzi mwa amene analimbikira kwambiri ganizoli. Cholinga chinali chakuti mpingo usamadikire wansembe wobwera kamodzi pa miyezi ingapo, koma akhristu okha aziyendera odwala, kulimira okalamba ndi kulandira alendo. Komabe ndinganame nditanena kuti chifundo chinayamba mu 1973. Makolo athu anali atanena kale kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiponso kuti kupatsa ndi kuika. Uthenga Wabwino unapeza mwambowu ulipo, nuupatsa chifukwa china, chakuti mwa wanjala, wodwala ndi mlendo, mkhristu amakumana ndi Ambuye wake, monga tiwerenga pa Mateyu 25. Nkhani ya Msamariya wachifundo nayonso inachitikira pamsewu, ndipo wothandizayo anali wa mtundu wina, monga momwe Mlambya uja anachitira kwa ine Mchewa.

Ndinalonjeza mumtima kuti ndidzabwerera ndi shuga, sopo ndi chitenje. Ndinakhala ku Chitipa zaka zitatu, koma mwezi uliwonse ndinkati ndipita mwezi wamawa. Kenaka ndinasamutsidwira ku Lilongwe. Msewu wa Karonga mpaka Chitipa unaikidwa tara ndi thandizo la dziko la China, dziko lathu litasiya ubale ndi Taiwan kumapeto kwa 2007. Mu 2013 ndinauyenda maola awiri okha, chitenje chija chili m'chikwama. Nditafika m'mudzi muja anandilozera kumanda. Chitenjecho ndinapatsa mdzukulu uja, amene tsopano anali mayi wa mwana mmodzi.

Sindikulirira matope ayi. Amene anaonapo mayi woyembekezera akuvutika m'lole yotitimira sangalakelake masiku amenewo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ife amene tinathandizidwa panjira timaiwala msanga tikakhala kuseri kwa tebulo. Masiku ano anthu amatitimira pa mabenchi a m'maofesi mwathu. Mphunzitsi wopuma ntchito amachokera kutali kudzafunsa za penshoni yake, ndalama yobwererera alibe, Chingerezi cha pa fomu chikumusokoneza, ndipo ife timamuuza kuti abwere mawa.

Sabata yatha bambo ena achikulire anagogoda pa chitseko changa nthawi ya nkhomaliro itakwana kale. Anali ndi envelopu yothimbirira m'manja ndipo mayankhulidwe awo anali a kumpoto. Ndinali nditatenga kale makiyi. Ndinawabwezera m'thumba, ndinawakokera mpando, kenaka ndinatuma mesenjala kuti akagule tiyi ndi mabanzi awiri.