Jumbe, Mlozi ndi Mapangano a pa Nyanja

 Madzulo ano tikamba za mapepala owerengeka amene analembedwa pakati pa 1889 ndi 1891. Olemba ace anafa kale, koma mapepalawo akali kuutsa milandu pa nyanja ya Malawi.

Anthu amene makolo athu ankawachula Aluya anacokera ku gombe la nyanja yaikulu ya mcere. Ambiri a iwo anali Aswahili omvera Sultani wa ku Zanzibar, amene banja lace linacokera ku Oman, m'dziko la Arabia. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah anafika ku Nkhotakota, napempha malo kwa mafumu a Acewa. Iye ndi onse olowa m'malo mwace ankachedwa Jumbe. Anamanga zombo za matanga zoolotsa minyanga ndi akapolo kunka tsidya lija, ndipo pa mudzi pace pankauluka mbendera ya Sultani. Ufumu wa Jumbe unalibe malire oloza ndi cala. Wace anali yense wopereka mnyanga kwa iye ndi kulandira wonga kwa iye, angakhale akhale kutali motani.

Kumpoto, pafupi ndi Karonga, kunali Mlozi ndi anzace awiri, Kopakopa ndi Msalema, amene anamanga malinga pakati pa Ankhonde. M'caka ca 1887 Mlozi anadzicha Sultani wa dzikolo. Ahenga, amene anathawira kumeneko poopa Angoni, anagwirizana naye. Ankhonde anathawira kwa Azungu a kampani ya Mandala, amene anali ndi sitolo ku Karonga. Caka comweco Ankhonde ambiri obisala m'mabango a ku Kambwe anatenthedwa ndi moto. Nkhondo inakhala zaka ziwiri, popanda wopambana mnzace.

Tsono panafika Harry Johnston, kazembe wa Angerezi ku Mozambique. Masiku amenewo maiko a ku Ulaya ankathamangirana malo: Apwitikizi, motsogozedwa ndi Serpa Pinto, ankakwera ndi mtsinje wa Shire, Ajeremani ankadza kucokera kum'mawa. Pakati pa iwo okha, mwini dziko anali iye wakuonetsa pepala lokhala ndi cizindikiro ca mfumu. Ndalama za ulendo wa Johnston, mapaundi 2,000, anapereka ndi Cecil Rhodes. Munthu uyu analemera ndi daimoni wa ku Kimberley ndi golidi wa ku Johannesburg, kumene miyala ya golidi inapezeka m'caka ca 1886, ndipo midzi yonga Jeppestown inamera pa thengo m'zaka zowerengeka. Rhodes ankakhulupirira kuti kumpoto kwa Zambezi kuli cuma cina cotere, ndipo anafuna kuti mapepala akhale m'manja mwace cumaco cisanaoneke.

Johnston sanadze ndi nkhondo. Anadza ndi makalata a Sultani wa ku Zanzibar. Ku Nkhotakota anapeza Jumbe wacitatu, Tawakali Sudi, nkhalamba yocenjera imene inali ndi nkhawa zace. Tsidya la nyanja kunali Makanjira, mfumu ya Ayao, wolimbana naye pa malonda, ndipo ena mwa nduna zace zomwe anayamba kukula mtima. Cifukwa cace Jumbe anavomera pangano m'caka ca 1889, nalandira mbendera ya Angerezi, ndipo pambuyo pace Boma linkampatsa mapaundi 200 pa caka. Kucokera apo Johnston anapita ku Karonga, ndipo pa 22 October 1889 Mlozi anavomera mtendere.

Apa, inu omvera, tiime pang'ono, pakuti pepala linali limodzi koma mitima inali iwiri. Jumbe anaona kuti wapeza bwenzi la mfuti zambiri. Mlozi anaona kuti wapeza nthawi yopumira ndi kulimbitsa malinga ace. Koma Johnston anaona kuti wapeza umboni wokaonetsa ku Lisbon ndi ku Berlin. Poyamba Jumbe anaoneka ngati wapindula: m'caka ca 1893 nduna yace, Ciwaura, itampandukira, asilikari a Boma anamthandiza kuigonjetsa. Komatu iye atafa m'caka ca 1894, wolowa m'malo mwace sanacedwe kucotsedwa ndi kutumizidwa ku Zanzibar. Mlozi anagonjetsedwa ndi kunyongedwa mu December 1895. Kutha kwa malonda a akapolo palibe angakulire maliro. Koma tisaiwale kuti ufumu wocotsedwa kwa Aluya sunabwerere kwa Acewa ndi Ankhonde, eni nthaka. Unapita ku Boma la ku Zomba.

Malire eni eni analembedwa kutali ndi nyanja. Pa 1 July 1890 Angerezi ndi Ajeremani anapangana ku Berlin. Ajeremani analandira kacisumbu ka Heligoland, navomera kuti Zanzibar akhale pansi pa Angerezi. Motero Sultani, amene makalata ace anatsegulira Johnston makomo, iye mwini anagwa m'manja omwewo. Panganolo linati malire atsate mtsinje wa Songwe, ndi gombe la kumpoto ndi la kum'mawa kwa nyanja. Pa 11 June 1891 Angerezi anapangana ndi Apwitikizi, ndipo zisumbu za Likoma ndi Cizumulu zinatsalira Angerezi cifukwa ca amishoni okhala kumeneko. M'caka ca 1954 maiko awiriwa anasuntha malire ao kufika pakati pa madzi, koma kumpoto, mbali ya Tanganyika, sikunapanganidwe cotere. Pa misonkhano yonseyi panalibe mfumu ya kuno ngakhale imodzi.

Zonga izi zinaonekanso kwao kwa Aluya. Kuyambira 1952 kufikira 1955 mfumu ya Saudi Arabia inalimbana ndi mfumu ya Abu Dhabi ndi Sultani wa Muscat cifukwa ca midzi ya Buraimi. Kumbuyo kwa wina kunali kampani ya mafuta ya Amereka, kumbuyo kwa enawo kunali Angerezi ndi kampani yao. M'cipululu, monga kwa Jumbe, ufumu unkadziwika ndi anthu, osati ndi mzere. Kotero oweruza ankafunsa kuti mtundu wakuti umapereka msonkho kwa yani. Anthuwo ankawerengedwa, koma cofunidwa cinali pansi pa mcenga.

Kwathu kuno nkhani ya mafuta inacedwa, koma inafika. M'caka ca 1967 dziko la Tanzania linanena kuti malire ayenera kudzera pakati pa nyanja, ndipo Malawi anakana, nagwira pangano la 1890. Nkhaniyo inagona zaka zambiri. M'caka ca 2011 Boma la Malawi linapatsa kampani ya Surestream Petroleum cilolezo cofufuza mafuta kumpoto kwa nyanja, ndipo caka cotsatira Tanzania anadandaula. Akuluakulu atatu amene anakhalapo atsogoleri a maiko, Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, koma m'caka ca 2014 zokambirana zinaima popanda cigamulo.

Jumbe ankafuna minyanga, Rhodes ankafuna golidi, Johnston ankafuna mbendera. Palibe mmodzi wa iwo anaganizapo za mafuta a pansi pa madzi. Koma mau amene analembedwa masiku ao ndiwo akhudza msodzi wa usipa ku Karonga ndi mnzace wa ku Mbamba Bay, amene amaponya makoka m'madzi amodzi. Akulu anati mlandu suola. Cifukwa cace yense woika dzina pa pepala la dziko lero, akumbukire kuti adzawerenga ndi adzukulu.